Fupa lofukulidwa kudambo la ku Bua

Yamikani: Anthu akwathu mwaswera bwanji. Taonani chithunzi ndaponyachi. Timakumba dothi la njerwa kudambo kumunsi kwa dimba la agogo mbali ya ku Bua, nde khasu lagunda chifupa ichi, kutalika kwake kuchoka pachigongono mpaka kupitirira zala. Anyamata akuti mwina ndi cha zilombo zija timaona muvidiyo, madayinoso. Odziwa tithandizeni tisanachiphwanye

Gift wa kabaza: Usaphwanye aise, zimenezo ndi ndalama. Ku America mafupa otere amagula mamiliyoni a madola

NaPhiri: Iii Yamikani wasamba m'manja koma? Zofukula pansi sitimangogwira chisawawa, nanga ngati pali manda akale pamenepo

Yamikani: Si la munthu ayi mayi, lakula kwambiri. Agogo akuti chibadwire chawo pamenepa palibe manda, m'madzi mokhamokha nthawi ya dzinja

Aphunzitsi Mwale: Yamikani tandiyankha zitatu. Mwalipeza mutakumba kufika pati? Ukalinyamula likulemera ngati mwala kapena ngati fupa wamba? Pomwe khasu latema mkati mwake mukuoneka bwanji?

Yamikani: Dzenje lake ndi lolekeza m'chiuno aphunzitsi. Silikulemera kwenikweni, mkati muli timabowo ngati chinkhupule ndipo likufumbutuka ukakanda ndi chikhadabo

Aphunzitsi Mwale: Basi limenelo likhala la mvuu kapena njati, la zaka makumi kaya mazana angapo. Kale nyama zinali ponseponse kuno, sizinkathera kupaki ngati lero. Fupa la dayinoso silikhalanso fupa, limakhala litasanduka mwala. Nyama ikafa n'kukwiririka msanga ndi matope kapena mchenga wa mtsinje, madzi apansi amalowa m'timabowo tomwe ukunenato n'kumasiyamo mchere wa m'nthaka pang'onopang'ono mpaka fupa lonse kuuma gwaa. Chachiwiri, miyala ya kuno ku Kasungu, ngati ya paphiri la Kasungu paja, inapangika pansi penipeni ndi moto komanso kupanikizika, kalekale nyama za mafupa zisanakhaleko n'komwe. Mwala woti unachita kuphikidwa sungasunge fupa. Amene amasunga ndi miyala yochokera ku matope ndi mchenga, yosanjikizana ngati mabuku

Gift wa kabaza: Aaa nde ndalama zapita. Ndiye kuti ku Malawi kuno kunalibe zimenezi eti

Bambo a Chikondi: Kunali mphwanga. Ine ndili pa thiraki ndinkagona pa Karonga popita ku Songwe, tsiku lina galimoto itafa ndinalowa mumyuziyamu ya pa boma paja kuti nthawi ipite. Ndinaima kukamwa kuli yasa. Chigoba cha chinyama chotalika ngati basi ya ku Joni, khosi lake ngati mlongoti, kamutu kakang'ono. Dzina lake Malawisaurus. Ndinafunsa kawiri ngati zoona chinapezeka konkuno, anandiuza kuti ku Mwakasyunguti m'boma lomwelo

Thoko: Zoona bambo a Chikondi. Mafupa oyamba anawalemba mu 1928 ndi katswiri wina Sidney Haughton, koma anawapatsa dzina lina. Dzina la Malawisaurus dixeyi linabwera mu 1993 gulu la a Louis Jacobs litakumbanso kumeneko, ndipo m'gululo munali Mmalawi mnzathu mayi Elizabeth Gomani. Mayi omwewa ndi amene anatchula dayinoso wachiwiri Karongasaurus mu 2005, komanso kang'ona kakang'ono kakale kotchedwa Malawisuchus. Ine chimandisangalatsa n'chimenecho, kuti si azungu okha. Miyala ya kumeneko ndi ya zaka zoposa 100 miliyoni

NaPhiri: Thoko mwana wanga kusukulu ukuphunziradi. Nde chinyama chimenecho chinkadya anthu?

Thoko: Ayi anti, Malawisaurus ankadya masamba ngati njovu. Komanso anthu kunalibe. Chibwano chakale cha mtundu wa anthu chomwe chinapezeka ku Uraha ku Karonga komweko mu 1991 ndi cha zaka pafupifupi 2.5 miliyoni basi, pomwe madayinoso akuluakulu anatha zaka 66 miliyoni zapitazo. Sanaonanepo n'komwe

Gift wa kabaza: Koma ine ndimafuna wolusa uja wa timanja tating'ono, T. rex. Ameneyo nde anali mfumu ya onse, ankadya Malawisaurus ameneyo ngati kanyenya

Thoko: Apa mpomwe mavidiyo amatisokoneza achimwene. T. rex sanapondepo mu Africa. Anali wa ku North America, ndipo anabwera kumapeto kwenikweni, zaka 68 mpaka 66 miliyoni zapitazo, Malawisaurus atatha kalekale. Mafupa a T. rex anafukula Barnum Brown ku Montana mu 1902, dzina n'kuperekedwa mu 1905. Wotchuka kwambiri ndi amene amamutcha Sue, anapezeka mu 1990 ku South Dakota, ali mumyuziyamu ku Chicago, kutalika kupitirira mamita 12 ndipo kulemera kwake amati kunali matani 8 kapena 9, kuposa njovu yamphongo ya kupaki kwathuku. Koma chomwe anthu sadziwa n'choti makolo a T. rex anali tinyama tating'ono kwa nthawi yaitali zedi. Ku China anapeza Guanlong wa zaka 160 miliyoni, mamita atatu okha kuyambira kumphuno mpaka kumchira, manja ake aatali a zala zitatu. Ku Utah anapeza Moros wa zaka 96 miliyoni, kulemera kwake ngati munthu wamkulu mmodzi, makilogalamu 78. Tangoganizani, kuchoka pa 160 kufika pa 96, zaka zonsezo banja limeneli ambiri mwa iwo akungoyenda m'mphepete

Yamikani: Nanga chinkawaletsa kukula ndi chani asisi

Thoko: Mpando unali ndi eni ake. Nthawi imeneyo olusa akuluakulu anali a banja lina, la Allosaurus ndi abale ake. Ku Utah komweko kumene kunali Moros anapezanso chilombo chachikulu Siats cha mbali imeneyo. Ndiye zaka pafupifupi 90 miliyoni zapitazo akuluakulu aja anazimiririka kumpoto kwa dziko, malo n'kutseguka, apa mpomwe banja la T. rex linayamba kukula. Ku Uzbekistan anapeza Timurlengia wa zaka 90 miliyoni, msinkhu wa hatchi, koma atayeza chigaza chake anaona kuti ubongo ndi makutu zinali kale zakuthwa ngati za T. rex. Ndiye nzeru ndi kumva zinatsogola, thupi linabwera pambuyo

Aphunzitsi Mwale: Ndikaphunzitsa ana ndimawapatsa chitsanzo cha kupaki. Pomwe pali mkango nkhandwe imadya zotsala ndi mbewa. Si kuti ndi yopusa, koma nyama zikuluzikulu zili ndi mwini wake

Gift wa kabaza: Nde mikango ikatha nkhandwe ingakule kukhala ngati mkango?

Thoko: Osati nkhandwe imodzi kufufuma ayi. Zili ngati mmene agogo amasankhira mbewu ya chimanga chamakolo, chaka chilichonse amapatula zisononkho zikuluzikulu n'kupachika padenga la kukhitchini, pakapita zaka munda wonse umabereka zotero. Kutchire wosankha ndi njala ndi imfa. Ngati ana obadwa okulirapo ndi amene akugwira nyama bwino n'kubereka ambiri, mibadwo mazana a masauzande ikadutsa mtundu wonse wakula. Zimafuna nthawi yoti mutu wathu sungaigwire bwinobwino

Malume Chisale: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ana inu, mamiliyoni mukutchulawa anawerenga ndani? Analipo ndani ndi kalendala? Ine ndimadziwa kuti zonse analenga ndi Mulungu, ndipo sindikufuna ana athu pagulu pano asokonezeke

Aphunzitsi Mwale: Funso lanu ndi labwino malume ndipo silofunika kulithawa. Inenso Lamulungu ndimakhala kutchalitchi, mumandiona. Zaka sachita kulota. Phiri likaphulika phulusa lake limagwa n'kukhala mzere pakati pa miyala ija yosanjikizana. M'phulusamo mumakhala timiyala tokhala ndi yureniyamu, yemwe uja amakumba ku Kayelekera. Yureniyamu amasanduka mtovu pang'onopang'ono pa liwiro lodziwika lomwe silisintha kaya kutenthe kaya kuzizire. Akayeza kuti watsala wochuluka bwanji ndipo mtovu wapangika wochuluka bwanji, amadziwa zaka za phulusalo. Fupa likakhala pakati pa mizere iwiri ya phulusa, zaka zake zili pakati pomwepo. Ma labu a mayiko osiyana amayeza paokhapaokha n'kupeza zofanana. Za amene analenga ine sinditsutsa, ndikungonena zomwe miyala ikuonetsa

Malume Chisale: Ndamva aphunzitsi. Sindinganene kuti ndavomera zonse, koma mwandiyankha mwaulemu. Mafupawo poti alipo ndipo bambo a Chikondi anawaona ndi maso, amenewo sindikana. Pitirizani ndikumvetsera

NaPhiri: Zikomo malume. Thoko, nde kuno kwathu ku Africa olusa kunalibe? Malawisaurus ankangodya mwamtendere?

Thoko: Analipo anti, ndipo apa mpomwe ine mtima umandiwawa chifukwa ana a sukulu amadziwa T. rex koma za kwathu sadziwa. Ku Karonga komweko anapezako mano a madayinoso odya nyama. Koma zilombo zenizeni zinapezeka kumpoto kwa Africa. Kuli Carcharodontosaurus, dzinalo likutanthauza kuti mano ake ngati a shaki, opyapyala okhala ndi timano m'mbali ngati chikwakwa, ocheka mnofu. Paul Sereno anapeza chigaza chake ku Morocco mu 1995, chigaza chokha mita imodzi ndi theka kupitirira. Ameneyu anakhalako zaka pafupifupi 30 miliyoni T. rex asanabwere ndipo msinkhu ankalingana naye. Ndiye kuli Spinosaurus, wotalika kuposa onse odya nyama omwe apezeka, mamita 14 kaya 15, kukamwa kwake kwakutali ngati kwa ng'ona, mano osongoka ogwirira nsomba, pamsana pali mafupa oimirira otalika pafupifupi msinkhu wa munthu ngati thanga la bwato. Komwe kuli chipululu cha Sahara lero kunali mitsinje ikuluikulu ndi nsomba zazikulu kuposa munthu

Bambo a Chikondi: Sahara mitsinje? Dziko ili lasintha ndithu

Thoko: Nkhani ya Spinosaurus ndi yomvetsa chisoni. Mafupa ake oyamba anafukulidwa ku Egypt mu 1912, Mjeremani Ernst Stromer n'kuwatchula dzina mu 1915, anakawasunga ku Munich. Pa nkhondo yachiwiri, mu April 1944, mabomba anagwera myuziyamuyo zonse n'kupsa, kunangotsala zojambula ndi zolemba zake. Chinthu chakhala pansi zaka 95 miliyoni bwinobwino, chikutha usiku umodzi m'manja mwa anthu. Papita zaka zambiri mpomwe Nizar Ibrahim ndi anzake anapeza ena ku Morocco, ndipo mu 2020 anaonetsa mchira wake wophwatalala ngati nkhafi. Mpaka pano akatswiri akukanganabe, ena akuti ankasambira kuthamangitsa nsomba pansi pa madzi, ena akuti ankangoima m'mphepete ngati kakowa n'kumajompha

Gift wa kabaza: Atakumana ndi T. rex angapambane ndani

Yamikani: kkkk Gift funso lako ndinalidziwa

Thoko: Sakanakumana achimwene, pakati pawo pali nyanja ndi zaka mamiliyoni. Koma pa kuluma T. rex analibe mnzake. Mano ake ndi onenepa ngati nthochi, ena masentimita 30 kuphatikiza muzu, ophwanyira mafupa. Ku Canada anapeza ndowe zake zosanduka mwala zodzaza ndi zidutswa za mafupa

NaPhiri: Ngati fisi! Ndowe za fisi zimayera mbuu chifukwa cha mafupa, tinkaziona kuphiri tikamakatola nkhuni

Thoko: Ndendende anti. Mpaka ena ankati mwina T. rex ankangodya zofa zokha. Koma anapeza mchira wa dayinoso wodya masamba muli dzino la T. rex lothyokera momwemo, fupa litapola mozungulira dzinolo. Ndiye kuti anailuma ili moyo, inapulumuka n'kuchira. Ankasaka, ndipo zofa akazipeza sankazisiya, monga amachitira mkango ndi fisi yemwe

Aphunzitsi Mwale: Ndiwonjezere za mapu poti ndiye gawo langa. Tengani mapu a dziko muone chigongono cha Brazil ndi kugombe kwa Africa cha ku Nigeria ndi Cameroon, zimalowana ngati chikho chosweka. Kale zinali dziko limodzi lotchedwa Gondwana, pamodzi ndi India, Madagascar, Australia ndi Antarctica. N'chifukwa chake m'bale wake wa Carcharodontosaurus anapezeka ku Argentina, Giganotosaurus, ndipo amene anamupeza mu 1993 sanali pulofesa, anali makaniko wokonda kuyenda m'chipululu kufunafuna mafupa, Rubén Carolini. Abale a Malawisaurus nawonso ambiri ali ku Argentina komweko

Yamikani: Makaniko? Nde ngakhale woumba njerwa angathe

Aphunzitsi Mwale: Angathe kwambiri, bola maso ndi kufunsa ngati wachitira leromu. Kuona maso a nkhono n'kudekha

Bambo a Chikondi: Koma timanja tija ine timandidabwitsa. Chinyama chonsecho manja ngati a mwana, ankatani nato

Thoko: Dzanja la T. rex linali pafupifupi mita imodzi, zala ziwiri. Chosangalatsa n'choti si iye yekha. Mu 2022 ku Argentina analengeza za Meraxes, wa banja la Carcharodontosaurus, nayenso mutu waukulu manja aafupi. Banja linanso lachitatu, la Carnotaurus wa ku Argentina ndi Majungasaurus wa ku Madagascar, manja ake ndiye aafupi kuposa pamenepo. Mabanja atatu osiyana, nthawi zosiyana, malo osiyana, onse anathera pa thupi lofanana. Mutu ukamakula n'kumagwira ntchito yonse yopha, manja amachepa ntchito ndipo mibadwo ikamapita amafupika. Ndiye "mfumu ya madayinoso" sinali imodzi, ufumuwo unkasinthana manja, ndipo kum'mwera kuno banja la T. rex silinaulawe n'komwe

Malume Chisale: Nanga zinatha bwanji zonsezi, poti mphamvu zinali nazo

Aphunzitsi Mwale: Chimwala chochokera kumwamba malume, cha makilomita pafupifupi 10 m'mimba mwake, chinagwa ku Mexico pamalo otchedwa Chicxulub zaka 66 miliyoni zapitazo. Chidzenje chake chilipo, chinakwiririka pansi, n'chotambalala makilomita oposa 150, kuposa mtunda wochoka pa Kasungu kufika ku Lilongwe. Fumbi ndi utsi zinaphimba dzuwa, zomera zinafa, odya masamba anafa, odya nyama n'kutsatira. Chinyama chofuna chakudya chambiri patsiku ndi chimene chimayamba kugwa pa njala. Ife a ku Kasungu amene tinaona 2002 sitifunika kutifotokozera kuti chakudya chikasowa zimakhala bwanji

NaPhiri: Musatikumbutse aphunzitsi, chaka chimenecho tinadya zosadyeka

Thoko: Koma sanathe onse. Anti, nkhuku zanu zija zilipo zingati pano?

NaPhiri: Zatsala 14 chitopa chitadutsa. Bwanji?

Thoko: Amenewo nde madayinoso otsala. Mbalame zonse zinachokera ku timadayinoso tating'ono todya nyama, mbali imodzi ndi T. rex. Mukapha nkhuku taonani mwendo wake, mamba aja, zala zitatu kutsogolo, n'chimodzimodzi mapazi a zilombozi omwe anatsala pamiyala. Kafupa kamphanda ka pachifuwa kaja T. rex analinso nako. Mafupa a mphako mkati chimodzimodzi. Ku China anapeza Yutyrannus, wa banja la T. rex, mamita 9, nthenga zake zikuoneka pamwala, anamulengeza mu 2012

NaPhiri: Mayo ine. N'chifukwa chake thadzi la anapiye likakwiya limachita kuopsa chonchija, ndipo zikapeza buluzi kapena mbewa zimakhadzulirana osaona nkhope. Mawa ndikaziyang'anitsitsa miyendo

Gift wa kabaza: Ine ndibwerere pa ndalama paja, sindinanametu. Thoko tandivomereze

Thoko: Simunaname, Sue anagulidwa madola 8 miliyoni ndi kanthu mu 1997, wina wotchedwa Stan madola 31.8 miliyoni mu 2020. Koma kumeneko lamulo limalola mwini malo kugulitsa. Kuno zofukulidwa zakale zimatetezedwa ndi lamulo, ukapeza umadziwitsa a boma oona za zinthu zakale. Ndipo ine ndimagwirizana nazo. Taonani a ku Tanzania, ku Tendaguru kufupi ndi Lindi, Majeremani anakumba kuyambira 1909 mpaka 1913, okumba ndi onyamula anali anthu akomweko mazanamazana, kusenza mafupa pamutu masiku angapo mpaka kudoko, matani oposa 200. Lero chigoba chachitali cha dayinoso chomwe anakumba kumeneko chaima ku Berlin, mwana wa ku Lindi kuti akachione afunika pasipoti ndi viza. Komanso fupa ukangolizula wekha n'kuthamanga nalo kumsika wataya theka la nkhani yake, chifukwa mwala womwe linagonamo ndi umene umanena zaka

Bambo a Chikondi: Apo wanena zoona mwana. Ine pa Karonga ndinalowa ndi ndalama yochepa chabe, opanda pasipoti. Aphunzitsi bwanji osakonza ulendo wa ana a fomu 3 akaone okha, ndikhoza kukufunsirani mtengo wa kosita kwa anzanga a pa depoti

Aphunzitsi Mwale: Tafunsani bambo a Chikondi, ndikakambe ndi komiti ya makolo tikatsegulira. Ndi ulendo wautali, kudutsa Jenda, Mzuzu, kutsika Chiweta, pafunika kugona konko, nde tiyambe kusonkha fodya akangogulitsidwa. Thoko ukabwera holide udzawayankhule anawa kaye, ndi mawu omwewa a Chichewa wawalemba apawa

Thoko: Ndidzabwera aphunzitsi, ndidzatenga ndi zithunzi pa laputopu

Malume Chisale: Mukakonza mundiuze, mpando umodzi ndilipira ndekha. Ndikufuna ndikachione ndi maso angawa chinyama cha ku Mwakasyunguti

Yamikani: Nde fupa langali nditani nalo aphunzitsi, nditaye?

Aphunzitsi Mwale: Usataye. Usalitsuke ndi madzi, likulunge m'thumba louma uliike pamthunzi, ndipo pomwe mwalipezapo musakumbepo kaye, zikani kamtengo. Ndibwera Loweruka m'mawa ndi tepi tidzaliyeze ndi kujambula bwinobwino, ngati pali mano pafupi ndi amene atiuze msanga kuti ndi mvuu kapena njati

Yamikani: Chabwino, tisamukira mbali ya kumtunda. Gift Loweruka udzawatenge aphunzitsi pa kabaza, njira ya kudimba yadzaza matope njinga yawo singadutse

Gift wa kabaza: 7 koloko ndili pakhomo pawo